Mbiri ya Mayina Otchulira Kayankhulidwe ka Tsiku ndi Tsiku: Phunziro Lochokera ku Ntcheu

MAWU OTSOGOLERA

Mphunzitsi aliyense amene anachongapo chimangirizo cha Chichewa, ndiponso mkonzi aliyense amene anasulapo nkhani yopita m'nyuzipepala, anakumanapo ndi mawu amene munthu wina aliyense amawamva bwinobwino koma amaoneka osayenera kukhala papepala. Wophunzira akalemba kuti *madala anga apita kokachita geni*, mphunzitsi sachedwa kudula mzere kunsi kwa mawu awiri. Vuto limadza pamene afuna kulemba m'mphepete chifukwa chimene wadulira mzerewo. Wina amalemba kuti "Chichewa cholakwika", wina "Chichewa cha m'tauni", wina "mawu achilendo", winanso amangoti "si Chichewa". Mayina anayiwa satanthauza chinthu chimodzi, ndipo wophunzira amene wawalandira sadziwa chimene ayenera kukonza.

Cholinga cha nkhani ino ndi kulondola mbiri ya mayina amene takhala tikutchulira kayankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, ndi kuona chifukwa chake mayinawo satithandiza mokwanira pa ntchito yophunzitsa, yolemba ndi yokonza mtanthauziramawu. Tasankha boma la Ntcheu kukhala chitsanzo chathu popeza kumeneko, m'zaka pafupifupi 150 zokha, Chichewa chakumana ndi Chingoni, Chiyao, Chipwitikizi, Chingerezi ndi chiyankhulo cha ku migodi, ndipo chilichonse mwa izi chinasiya mawu ake m'kamwa mwa anthu.

NJIRA ZIWIRI ZIMENE TINAZIPEZA

Tisanadandaule za kusowa kwa mayina, tiyenera kuvomereza kuti Chichewa n'cholemera kwambiri pa aneni ofotokoza mmene munthu akuyankhulira. Pambali pa *kunena*, *kuyankhula* ndi *kukamba*, tili ndi *kucheza*, komwe ndi kukamba momasuka popanda mlandu. *Kusereula*, komwe asuweni amachitirana popanda wokwiya. *Kujeda*, *kunong'ona*, *kulalata*, *kulongolola*, *kubwetuka* ndi *kubwebweta*. Tilinso ndi *kuphiphiritsa* ndi *kuzimbaitsa*, pamene woyankhula abisa tanthauzo dala, ndiponso *kulaula* ndi *kutukwana*, pamene adumpha malire a ulemu.

Makolo athu anali ndi njira ziwiri zosandutsira nzeru imeneyi kukhala mayina. Njira yoyamba inali kutchula malo amene mawu amayankhulidwa. Iwo amati izi ndi *zapamtondo*, izo ndi *zapamowa*, zina ndi *zakutsimba*, zina *zakudambwe*, zina *zapabwalo*. Munthu mmodzi yemweyo amadziwa zonsezi, ndipo kukula kwake kumaonekera pa kusanyamula mawu a malo ena kupita nawo kumalo ena. Njira yachiwiri inali kutchula mwini wake wa mawuwo poika mphatikiram'mbuyo *chi-* ku dzina la mtundu kapena la gulu: *Chichewa*, *Chiyao*, *Chizungu*, *chibwana*. Mbiri imene tikulondola pano ikuonetsa kuti njira yachiwiriyi inakula n'kuphimba yoyamba, ndipo chisokonezo chimene chili m'makalasi mwathu chinachokera pamenepo.

CHINGONI CHA MATANTHAUZO AWIRI

Angoni a Maseko, atayenda ulendo wautali kuchokera kummwera kwa Africa mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, anabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga nakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870. Dera limenelo lero lili m'boma la Angónia ku Mozambique, moyang'anizana ndi Dedza ndi Ntcheu. Mu ulamuliro wa Chikuse, amene anamwalira mu 1891, ndi wa mwana wake Gomani Woyamba, amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, mphamvu zawo zinafalikira m'mapiri ndi m'zigwa za dera lonse lomwe tsopano ndi boma la Ntcheu.

Koma a magazi ochokera kummwera anali ochepa. Unyinji wa anthu a m'midzi yawo anali Antumba, Achewa, Amang'anja ndi ena amene anagwidwa pankhondo kapena anagonja okha. Ambiri mwa akazi a mafumu ndi a ankhondo anali a mitundu imeneyi, ndipo mwana amayamwa chiyankhulo pamodzi ndi bere. Motero ogonjetsa pa mkondo anagonja pa lilime. Pamene Margaret Read amachita kafukufuku wake pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, chiyankhulo cha makolo awo m'dziko la Gomani chinali chitatsalira makamaka m'nyimbo, m'mayamiko a mafumu ndi m'kamwa mwa okalamba owerengeka. Kalembera wa mu 1966 anapeza kuti m'Malawi monse, mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 50 amayankhula Chichewa pakhomo pawo, pamene oyankhula Chingoni anali mmodzi yekha.

Chingoni chakalecho sichinafe chonse. Chinagawika pawiri. Gawo lina linakwera kukakhala pabwalo la mfumu ndi pa mwambo: *inkosi*, *inkosikazi*, *nduna*, *alumuzana*, *bayethe*, ndi mayina a magule monga *ligubo*, *nsindo* ndi *mthimba*. Gawo lina linalowa m'nyumba nasanduka mawu a tsiku ndi tsiku, monga *agogo* ndi *amalume*. Mawu amene analowa msanga anasulidwa kuti agwirizane ndi lilime la Mchewa. Liwu loti *chishango* ndi mbale wake wa *isihlangu* la Chizulu, koma katchulidwe ka *hl* kanasanduka *sh*. Mosiyana ndi zimenezi, dzina la mwambo wa Umhlangano, umene Angoni a Maseko amachitira ku Nkolimbo, likulembedwa ndi *hl* yemweyo, popeza eni ake akulisunga dala monga chizindikiro cha kumene anachokera.

Tsono dzina loti *Chingoni* linakhala ndi matanthauzo awiri. Kwa katswiri wa ziyankhulo, Chingoni ndi chiyankhulo chapachibale ndi Chizulu ndi Chiswazi. Kwa munthu wamba wa kwa Njolomole, kwa Kwataine kapena kutsidya ku Ulongwe, Chingoni ndi chimene Mngoni amayankhula, ndiko kuti nthambi ya Chichewa ya dera limenelo. Nthambi imeneyi si yachabechabe ayi. Buku la Laura Downing ndi Al Mtenje la mu 2017, lofotokoza katchulidwe ka mawu m'Chichewa, linatsamira kwambiri pa kayankhulidwe ka ku Ntcheu. Apa tikuona kufooka koyamba kwa njira ya *chi-*: dzina limatsata munthu ngakhale munthuyo atasintha chiyankhulo.

Popeza Ntcheu inachita malire ndi Mangochi ndi Balaka, kumene kuli Ayao ambiri, mawu a ubale anafika poti aliyense ali ndi mapasa. Kholo la makolo ako ndi *ambuye*, *agogo* kapena *anganga*. Mlongo wa mayi ako ndi *atsibweni*, *amalume* kapena *amjomba*. Mawu oti *achimwene* ndi *achemwali*, amene lero palibe amawakayikira, anachokera ku Chiyao. Mphunzitsi amene angalembe kuti "mawu achilendo" pa liwu limodzi mwa awa ayenera kukonzeka kulemba chimodzimodzi pa theka la mawu a ubale amene iye mwini amagwiritsa ntchito.

CHINYANJA CHA M'BUKU

Kulemba kutafika, panabadwa kusiyana kwatsopano. Dr George Henry wa mishoni ya Livingstonia, amene amagwira ntchito m'chigwa cha Livulezi, anasindikiza buku la malamulo a Chinyanja mu 1891. N'zochititsa chidwi kuti mmishoni wokhala m'dziko la Chikuse anaona kuti chiyankhulo choyenera kuchilemba ndi Chinyanja. Mishoni ya Blantyre inatsegula malo ake ku Nthumbi mu 1893, kumene Harry Kambwiri Matecheta, Myao wophunzira ku Blantyre, anatumikira zaka zambiri. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo a mishoni ya Dutch Reformed anatsegula Mlanda mu 1902. Panalinso Gowa, Dombole, Ntonda ndi Chiole.

Motero ana a boma limodzi amaphunzira kuwerenga m'mabuku ochokera mbali ziwiri. A kummwera amatsamira pa Chimang'anja chimene David Clement Scott anachisonkhanitsa mu mtanthauziramawu wake wa mu 1892, ndipo a kumpoto amatsamira pa Chichewa cha ku Mvera ndi ku Nkhoma. Ntchito yogwirizanitsa mbali ziwirizi inabala *Buku Lopatulika* mu 1922. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kusiyanitsa Chinyanja *cha m'buku* ndi *cha pakamwa*, ndipo cha m'bukucho chinalandira ulemu wa guwa ndi wa sukulu. Mawu enanso anasintha kulemera. Liwu loti *Ambuye* litazolowereka m'mapemphero, *agogo* linapeza mpata waukulu m'makomo ambiri.

Kalembedwe kanthawiyo kanali kosiyana ndi ka lero. Lembo la *c* limaimira chimene tsopano timalemba *ch*, ndipo *ch* amaimira *tch*. N'chifukwa chake m'mabuku akale timapeza *Cinyanja*, *nchito* ndi *Ncheu*. Ku Zambia *c* akugwirabe ntchito imeneyi.

MAWU OBWERA M'CHIKWAMA

M'zaka za utsamunda ndi zoyambirira za ufulu, amuna ambirimbiri a ku Ntcheu, monga a m'maboma ena, anapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, ena pa okha, ena kudzera ku Wenela ndi ku Mthandizi. Kumeneko akapitawo amalamula antchito m'chiyankhulo chosakaniza chimene ku South Africa amachitcha Fanakalo, ku Zimbabwe *Chilapalapa* ndipo ku Zambia *Chikabanga*. Dzina loti *Chilapalapa* ndi lonyogodola: likutsanzira liwu loti *lapa*, lolozera malo, limene limamveka kawirikawiri m'kamwa mwa olamula. Ulendo wa ku migodi unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu a ku Malawi oposa 70, unayambanso mu 1977 pansi pa Theba, ndipo unatha mu 1988.

Obwerera kumudzi anadza ndi *fosholo*, *chikwama*, *chitupa*, *mfana* ndi *madala*. Amene sanabwerere anatchedwa *matchona*, kuchokera ku mneni wa Chinguni wonena za kulowa kwa dzuwa kapena kuzimirira. Choncho mawu a Chinguni analowa ku Ntcheu kawiri, poyamba ndi ankhondo a Chidyaonga, kachiwiri ndi anyamata a ku migodi. Oyambawo amalemekezedwa, pamene ena mwa achiwiriwo amaonedwa ngati a pamowa. *Inkosi* ndi *mfana* ndi ana a chiyankhulo chimodzi, koma lina limatchulidwa chogwada, lina choimirira. Kulemera kwa liwu kumachokera pa malo amene anthu analiika, ndipo gwero lake silitiuza kanthu za kulemerako.

Malire a Mozambique nawo ali ndi mbali yawo. Mawu a Chipwitikizi monga *nsapato*, *kalata*, *kapitawo*, *kachasu*, *mbatata* ndi *ganyu* ndi akalekale, ndipo palibe mphunzitsi amene amawadulira mzere. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda pamalire penipeni, kotero kuti pamsika wa Lizulu wogula amatha kuima m'dziko lina, wogulitsa ali m'dziko lina. Kuyambira mu 1986, anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza midzi ya m'malire, ndipo anabwerera kwawo pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la mu 1992. Pa misika ngati Lizulu ndi Tsangano, mbewu imodzi yomweyo mlangizi amaitcha *mbatata ya kachewere*, mlimi *mbatatesi*, wamalonda *airishi*, ndipo ikaphikidwa yaing'onoing'ono mwana wasukulu amagula *zibwente*. Onsewa amamvana, ndipo aliyense amadziwa dzina loyenera pamene waima.

NYENGO YA BUNGWE LA CHICHEWA

Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Bungwe la Chichewa, lomwe linapatsidwa udindo wokonza malamulo a kalembedwe, wolemba mtanthauziramawu ndi wotukula chiyankhulochi. Malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973, nakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito imeneyo inali yaikulu, ndipo kalembedwe kofanana kamene tikugwiritsa ntchito m'nkhani ino ndi chipatso chake.

Komabe nyengo imeneyi inabweretsa muyeso umodzi wokha woyezera mawu, ndiwo wa *cholondola* ndi *cholakwika*. Dr H. Kamuzu Banda, amene ali wophunzira ku America anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa la mu 1937, amakhulupirira kuti Chichewa chenicheni ndi cha m'midzi ya m'chigawo chapakati monga kwawo ku Kasungu, ndipo amadzudzula poyera Chichewa cha amishoni ndi cha m'matauni. Mapologalamu a pa wailesi ya MBC monga *Tiphunzire Chichewa* ndi *Chichewa cha Kumudzi* anazika maganizo akuti mawu abwino amakhala kumudzi, oipa m'tauni.

Ntcheu ikuonetsa kuti kugawa kotereku sikukwanira. Bomali lili m'chigawo chapakati, ndipo mwa anthu ake, omwe kalembera wa mu 2018 anapeza kuti ndi opitirira 650,000, unyinji ndi alimi a m'midzi. Koma mudzi wa ku Ntcheu uli ndi agogo a Chingoni, achimwene a Chiyao, fosholo ya ku Joni ndi ganyu wa Chipwitikizi. Ngati Chichewa cha kumudzi ndicho choyera, tifunse kuti mudzi wake uti. Choipa china chinali chakuti mayina oti *cha m'tauni* ndi *chosweka* anasonkhanitsa m'dengu limodzi zinthu zinayi zosiyana: mawu a dera lina, mawu obwereka, mawu a pamacheza ndi zolakwika zenizeni za malamulo a chiyankhulo. Mwana amene wanena liwu la kwawo amalandira chilango chofanana ndi cha mwana amene wasokoneza mgwirizano wa dzina ndi mneni.

KUYAMBIRA 1994

Bungwe la Chichewa linathetsedwa mu 1995, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, imene inatulutsa *Mtanthauziramawu wa Chinyanja* mu 2000. Nthawi yomweyo nyuzipepala ndi nyumba zoulutsira mawu zinachuluka, ndipo mawu amene kale amangomveka pamsika anayamba kuoneka papepala. Ndale zinabala *matipate* ndi *demokalase*. Malonda anafalitsa *geni*, *mavenda*, *kaunjika*, *matola*, *chiwaya* ndi *kabaza*. Mliri wa Edzi unadzutsa luso lakale la kuphiphiritsa, anthu nayamba kunena za *kachilombo*, *magawagawa* ndi *matenda a boma* pofuna kupewa kutchula dzina loopsalo pamaso pa odwala ndi ofedwa.

Achinyamata nawo anakuza kayankhulidwe kawo: *kuvaya*, *kuthaima*, *deni*, *ngini*, *masteni*, *bho*. Francis Moto analemba za kayankhulidwe katsopanoka mu 2001, ndipo pambuyo pake Chimwemwe Kamanga anakafufuza mozama pansi pa dzina loti *Chibrazi*, lochokera ku *brazi*, kutanthauza mbale kapena mnzako. Dzinali ndi lothandiza, koma likutsatabe njira ya *chi-*, ndipo lili ndi kufooka komwe tinakuona pa Chingoni. Kondakitala wa minibasi pa Kampepuza kapena pa Manjawira, amene m'mawa amaitana okwera m'mawu amenewa, madzulo akaitanidwa ku mlandu wa munda kwa a nyakwawa amavula chipewa, nakhala pansi, nayankha kuti "wawa". Munthu ndi mmodzi yemweyo, chasintha ndi bwalo.

ZIMENE TIKUPEMPHA ALEMBI, AKONZI NDI APHUNZITSI

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa kuti pa liwu lililonse lokayikitsa pali mafunso atatu osiyana, ndipo lililonse liyenera kukhala ndi dzina lakelake.

Funso loyamba ndi lakuti: liwuli linachokera kuti? Yankho lake ndi *mawu obwereka* kapena *mawu achibadwa*. Limeneli ndi funso la mbiri, ndipo lisakhale chifukwa chochotsera malikisi. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Funso lachiwiri ndi lakuti: liwuli limamveka kuti? Ngati limamveka m'dera limodzi lokha, tilitche *liwu lakudera*, ndipo kayankhulidwe konse ka deralo tikatche *nthambi ya chiyankhulo*. Potero tidzatha kunena kuti "nthambi ya ku Ntcheu" popanda kusokoneza ndi Chingoni cha m'mayamiko a Gomani.

Funso lachitatu, lomwe ndi lofunika koposa kwa mphunzitsi, ndi lakuti: liwuli limayankhulidwa pati? Apa tibwerere ku njira ya makolo yotchula malo. Tikupempha kuti *mawu apabwalo* likhale dzina la mawu oyenera pa mlandu, pa maliro, m'kalata ya ntchito ndi m'chimangirizo. *Mawu apamacheza* likhale la mawu omveka kwa onse koma omasuka. *Mawu a kagulu* likhale la mawu amene cholinga chake n'kuzindikiritsa anzako ndi kutsekereza ena kunja. Ndipo *mawu olaula* akhale paokha. Tapewa dala liwu loti *chining'a* pa gulu lachitatuli, popeza m'mabuku a sukulu lili kale ndi ntchito yake pakati pa nsinjiro za chiyankhulo.

Tiyese muyesowu. *Amalume* ndi lobwereka, limamveka ponseponse, ndipo ndi lapabwalo. *Atsibweni* ndi lachibadwa ndiponso lapabwalo, koma ana a madera ena salidziwanso. *Madala*, ponena bambo wako, ndi lobwereka ndiponso lapamacheza. *Kuvaya* ndi la kagulu. *Kaunjika* ndi lachibadwa, lochokera ku mneni *kuunjika*. Linabadwira pamsika, koma lero lakwera kufika pabwalo, ndipo mkonzi amene angalichotse adzasowa lolowa m'malo mwake. Chitsanzo chomalizachi chikutikumbutsa kuti zizindikiro zimenezi mu mtanthauziramawu ziyenera kuunikidwanso nthawi ndi nthawi, popeza mawu amasamuka.

Kwa alembi a nthano ndi masewero, phindu lake ndi loonekeratu. Mpangankhani amene ndi wogulitsa kabichi pa Lizulu sayenera kuyankhula ngati mlaliki, ndipo mkonzi amene adziwa kuti mawu apamacheza si zolakwika adzawasiya m'kamwa mwa mpangankhaniyo, nawachotsa m'mawu a wofotokoza nkhani ngati nkhaniyo ifuna kutero.

MAWU OMALIZA

Wophunzira amene analemba za *madala* ndi *geni* sanaphwanye lamulo lililonse la Chichewa. Dzina ndi mneni zikugwirizana, ndipo kalembedwe nkolondola. Iye wangotengera mawu apamacheza pabwalo. Mphunzitsi akalemba zimenezo m'mphepete, mwanayo adzadziwa kuti chofunika ndi *bambo* ndi *malonda*, ndipo sadzapita kwawo ndi maganizo akuti chimene amayankhula ndi anzake kapena ndi agogo ake ndi chonyansa. Tikupempha aphunzitsi, makamaka a m'maboma a m'malire monga Ntcheu, Dedza, Mchinji ndi Mwanza, kuti ayese mayina amenewa m'makalasi mwawo, asonkhanitse mawu amene akukanika kulowa m'magulu tatchulawa, ndipo atumize ndemanga zawo kwa mkonzi kuti zikambidwe m'masamba ano.